Mawu Aatali a Chingerezi Oyamba ndi in-: Kufanana kwa Malembo ndi Kusiyana kwa Matanthauzo

Mwa mawu aatali amene wophunzira amakumana nawo m'mabuku a Chingerezi a kusekondale, ochuluka ndithu amayamba ndi malembo awiri awa, in-. Aphunzitsi ambiri, pofuna kupeputsa ntchito, amapereka lamulo lachidule lakuti malembowa amatsutsa tanthauzo la mawu amene aphatikizidwako, monga momwe -sa- amachitira m'Chinyanja. M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti lamuloli ndi loona pa gawo limodzi lokha la mawuwa, ndiponso kuti chimene chingathandize wophunzira ndi kudziwa ndondomeko imene mawuwo anamangidwira, osati kungoyang'ana malembo oyambirira.

Ambiri mwa mawu amenewa anachokera ku Chilatini. Ena analowa m'Chingerezi mwachindunji kudzera m'zolembalemba za anthu ophunzira, pamene ena anadzera m'Chifalansa, makamaka pambuyo pa chaka cha 1066 pamene Anomani anagonjetsa dziko la England. Chilatinicho chinali ndi aphatikiri awiri osiyana amene ankalembedwa chimodzimodzi. Woyamba anali wotsutsa, ndipo ndi wa mtundu umodzi ndi un- wa m'Chingerezi komanso a- kapena an- wa m'Chigiriki. Ameneyu ndiye tikumupeza m'mawu monga invisible, chosaoneka, incomplete, chosakwanira, ndi independence, kusadalira wina, mawu amene mwana aliyense wa m'Zambia amawadziwa chifukwa cha tsiku la 24 Okutobala 1964. Wachiwiri ankatanthauza m'kati kapena kulowa, ndipo ndiye ali m'aneni monga include, kuikamo, inject, kubaya jakisoni, ndi inscribe, kuzokota malembo pa chinthu. Aphatikiri awiriwa amasinthanso maonekedwe mofanana potsatira liwu limene lili patsogolo pawo. Wotsutsa uja amasanduka il-, im- ndi ir- m'mawu akuti illegal, impossible ndi irregular, ndipo wachiwiriyo amachita chimodzimodzi mu illuminate, immigrate ndi irrigate. Choncho ngakhale kusintha kwa malembo sikumuuza wophunzira kuti wakumana ndi mphatikiri uti.

Pali mawu ena amene mphatikiri wotsutsayo anakwiririka kalekale, kotero kuti eni chiyankhulo samuonanso. Infant, khanda, poyamba ankatanthauza wosayankhula, ndipo innocent ankatanthauza wosavulaza. Zimenezi n'zokometsa phunziro, koma sizisokoneza munthu kwenikweni, popeza mawu otere amaphunziridwa athunthu.

Vuto lenileni lili pa afotokozi othera ndi -able. Titenge inflammable, mawu amene amalembedwa pa migolo ya mafuta ndi pa mabotolo a mankhwala. Wophunzira amene wagwiritsa lamulo la mphunzitsi wake adzachotsa in-, adzapeza flammable, choyaka msanga, ndipo adzatsimikiza kuti inflammable ndi chinthu chosayaka. Kunena zoona, mawu awiriwa amatanthauza chinthu chimodzi. Chifukwa chake n'chakuti in- wa mu inflammable si wotsutsa uja. Iye anali kale gawo la mneni wa Chilatini inflammare, kuyatsa moto, amene m'Chingerezi ndi inflame, ndipo mphatikiri wa kumapeto anabwera pambuyo pake. Mu invisible zinachitika mwanjira ina: panayamba pakhala mfotokozi wotanthauza chooneka, kenaka in- anadzaphatikizidwa kumayambiriro kuti amutsutse. Eni Chingerezi nawonso anakhumudwapo pa mwala womwewu, ndipo n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1900 akatswiri a chitetezo cha moto analimbikitsa kuti pa zikwangwani pazilembedwa flammable, ndipo pa zinthu zosayaka pazilembedwa non-flammable. Komabe mawu akale aja sanathe, ndipo amene wawamva molakwa akhoza kuyatsa fodya pamalo pamene sayenera kutero.

Chimodzimodzinso inhabitable. Mawuwa achokera ku mneni inhabit, kukhalamo, ndipo amanena za malo amene anthu angathe kukhalamo. Otsutsana nawo ndi uninhabitable. M'Chifalansa, mawu olembedwa ndi malembo omwewa amatanthauza malo osakhalika, chinthu chimene aphunzitsi a Chifalansa ayenera kuchenjeza ophunzira awo. Invaluable ndi wa mtundu winanso. Apa in- ndi wotsutsadi, koma chimene akutsutsa ndi kutheka kwa kuwerengera mtengo, osati mtengowo. Chinthu chotere ndi chamtengo wapatali kwambiri kotero kuti palibe angachiikire mtengo. Wophunzira amene angawerenge kalata yoyamikira thandizo lake ndi mawu amenewa, n'kuganiza kuti wanyozedwa, ndiye kuti lamulo lachidule lija lamusocheretsa.

Gulu lotsala silivuta kwambiri. M'mawu monga international, interrupt ndi introduce mulibe in- aliyense mwa awiri aja. Muli inter-, pakati pa, ndi intro-, cham'kati. Mawu akuti international si akale monga momwe ambiri amaganizira: anawapeka Jeremy Bentham, ndipo anaonekera m'buku lake limene linafalitsidwa mu 1789. Intelligent nayenso ndi wa gulu lomweli, pakuti r wa inter- anasanduka l patsogolo pa mneni wa Chilatini wotanthauza kusankha kapena kuwerenga.

Ife tikuona kuti mphunzitsi wa ana oyankhula Chinyanja ali ndi poyambira pabwino, ngakhale kuti kawirikawiri sapagwiritsa ntchito. Chiyankhulo chathu chimamanga mawu mwa kulumikiza aphatikiri ku tsinde, ndipo mwana amadziwa kale, asanaphunzitsidwe galamala, kuti si -sa- aliyense amene amatsutsa. Mu kusamva, kusadya ndi kusabwera, -sa- ndi mphatikiri wotsutsa. Mu kusamba, kusaka ndi kusamala, phatikizo lomweli ndi gawo la tsinde, ndipo palibe mwana amene angaganize kuti kusamala n'kutsutsa mneni wakuti mala. Chitsanzo choposa zonse ndi kusauka. Polemba, mawuwa angatanthauze umphawi, kapenanso kulephera kuuka. Poyankhula timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, ndipo powerenga timadalira chiganizo chonse. Funso limene mwana amadzifunsa mosazindikira pamenepa, lakuti tsinde ndi sauka kapena uka, ndi lomwelo limene ayenera kufunsa pa inflammable.

Chotero m'malo mopatsa ophunzira mndandanda wa mawu ofanana malembo oyambirira kuti aloweze, ndi bwino kuwazoloweretsa kuphwanya mawu kuchokera mbali zonse ziwiri. Ayambe achotsa mphatikiri wa kumapeto. Ngati chotsalacho ndi mneni wodziwika woyamba ndi in-, monga inflame, inhabit kapena inflate, ndiye kuti in- si wotsutsa. Ngati sipatsala mneni wotere, achotse in- ndi kuona ngati chotsalacho ndi mfotokozi woima payekha, monga accurate, credible kapena sufficient. Njira imeneyi siigwira pa invaluable, kapenanso pa infamous, amene amanena za munthu wotchuka chifukwa cha zoipa. Mawu awiriwa ayenera kuphunzitsidwa paokha, aliyense m'chiganizo chake, makamaka asanafike mayeso a giredi 12.