Chifukwa chake mababu amachepa kuwala chigayo chikalizidwa

M'misika ya ku Angónia ndi Tsangano, mababu amatha kuchepa kuwala mwini chigayo akangoyatsa mota. Kudimba nako, mlimi amatha kugula jenereta ya 1,000 VA yoti aziyendetsera pampu yodya mawati 1,000, koma pampuyo n'kumangolira osatulutsa madzi. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: mota imafuna magetsi ochuluka kuposa amene imagwiritsa ntchito.

Akatswiri amagawa mphamvu ya magetsi pawiri. Yoyamba ndi imene imapopa madzi kapena kugaya chimanga, ndipo amaiyeza m'mawati. Yachiwiri imapanga maginito ozunguza mota. Imeneyi imangopita ndi kubwerera mu waya, koma imatenthetsa waya ndi thiransifoma. Muyeso wa VA umawerengera zonse ziwiri. Pa mota zambiri, mawati amakhala pafupifupi 8 pa 10 aliwonse a VA, choncho pampu ija imafuna 1,250 VA. Ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka ka 5 mpaka ka 7, n'chifukwa chake mababu a anthu oyandikana nawo amachita chizimezime.

Kuwerengera kotere kumayenda bwino ngati magetsi akukwera ndi kutsika mosalala ka 50 pa sekondi, monga amachitira ochokera ku makina ozungulira a ku Cahora Bassa, komwe amatha kupanga mamegawati 2,075. Koma matchaja a foni, mababu a LED ndi makina owotcherera zitsulo amakoka magetsi modukizadukiza, ndipo masamu akale sakwanira. Constantin Budeanu wa ku Romania anayesa kufotokoza mphamvu yamtunduwu mu 1927, kenako Stanisław Fryze wa ku Poland anabwera ndi njira ina. Mu 1987 Leszek Czarnecki anasonyeza kuti njira ya Budeanu imasocheretsa. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa ofufuza amayeza zimene chiphunzitso chawauza kuti ayeze. Chiphunzitso chikalakwika, zipangizo zokonzera vuto nazo zimalakwika.

Kumene magetsi amachokera nako kukusintha. Mu 2019 ku Mocuba, m'chigawo cha Zambézia, kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 40. Magetsi a dzuwa amadutsa mu inverter, chipangizo chimene sichipirira kukokedwa mwadzidzidzi ngati makina ozungulira. N'chifukwa chake ofufuza masiku ano safunsa kuchuluka kwa mawati kokha. Amafunanso kudziwa mtundu wa zipangizo zimene zili pamudzi, nthawi imene zimayatsidwa, ndi mmene zimachitira magetsi akatsika.

Kwa mlimi wofuna jenereta kapena inverter, chofunika ndi kuwerenga kachitsulo komata pa mota, pomwe pamalembedwa ma ampeya, ndi kuuza wogulitsa kuti makinawo ndi oyendetsera mota, osati mababu okha. Jenereta yokhala ndi mphamvu yotsalako imadula pogula, koma yaing'ono imatha kupsereza pampu mbewu zili pakati pofuna madzi.