Babu lowala ngati masana

Dzuwa lalowa. M'nyumba muli mdima. Mwana afuna kuwerenga buku lace. Amayi ayatsa magetsi, koma babu lapsa. Mawa abambo apita kusitolo kukagula lina.

Babu, limene ena amati lampada, lili m'mitundumitundu. Babu lakale lili ndi kawaya kakang'ono m'kati. Kawayako kamatentha ndi kuwala. Babu limeneli ndi lochipa, koma limadya magetsi ambiri. Magetsi ambiriwo amathera m'kutentha, osati m'kuwala. Mwana asaligwire likakhala loyaka. Limawocha zala!

Babu latsopano licedwa LED. Ilo silitentha kwambiri, ndipo limakhalitsa. Mtengo wace ndi wokwererapo, koma limadya magetsi pang'ono.

Abambo asanapereke ndalama, ayambe awerenga pa kabokosi. Pali nambala ndi cilembo W. Nambala imeneyi ikunena magetsi amene babu limadya. Babu lakale la 60 W ndi babu la LED la 9 W amawala mofanana. Magetsi amene babu lakale limodzi limadya angayatse mababu a LED 6. Banja logula magetsi a Credelec limaona lokha kusiyana kwace, cifukwa magetsi awo sakutha msanga.

Pa kabokosi palinso nambala ina, ya cilembo K. Iyi ikunena mtundu wa kuwala. Babu la 2700 K limawala mwacikasu, ngati nyali ya parafini. Ndi labwino kucipinda cogona. Babu la 6500 K limawala moyera, ngati masana. Pamenepo zilembo za m'buku zimaoneka bwino. Amayi posankha nyemba amaona timiyala. Agogo nawonso amalowetsa ulusi pa singano osaitana mdzukulu.

Cinanso ndi tsinde la babu. Mababu ena amalowa mozunguliza. Ena ali ndi timano tiwiri, ngati ambiri ogulitsidwa ku Malawi. Anthu a ku Angónia ogula m'misika ya kumalire acenjere, angabwere ndi babu losalowa. Ndi bwino kutenga babu lakupsa lija popita kusitolo, ndi kupempha wogulitsa kuti ayese latsopanolo.

Abambo abwera ndi babu la 9 W, la 6500 K. Ayamba azimitsa magetsi, ndipo akwera pa mpando ndi manja ouma. Mwana waima patali, buku lili m'manja.

"Atate, ndiyatse?"

"Eya, yatsa tsopano, mwanangu."