Kodi mumadziwa? Kompyuta nayonso ili ndi nkhokwe yake

Kalembera wa anthu wa mu 2022 anali woyamba ku Zambia kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Owerenga anayenda khomo ndi khomo ku Katete, Sinda ndi Vubwi, ndipo mayankho a dziko lonse, la anthu oposa 19 miliyoni, anakathera m'makompyuta a bungwe la ZamStats.

Tsono wina afunse kuti ku Vubwi kuli ana angati osakwana zaka 5. Kuti yankho lituluke msanga, zimadalira mosungiramo. Hadi disiki ili ndi kambale kozungulira, nthawi zambiri ka 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda kukafuna zimene zafunsidwa. Zikakhala zobalalika, imatola ka 100 kapena ka 200 basi pa sekondi. Koma SSD, mtundu wina wa mosungiramo, ilibe choyenda m'kati, ndipo ya mtundu wa NVMe imapitirira ka 100,000 pa sekondi.

Komatu liwiro lokha silokwanira. Mayi wanzeru sathira nshawa, nyemba ndi chimanga m'nkhokwe imodzi. Akatswiri nawonso amasunga zaka za anthu pazokha, maina paokha, n'kugawanso boma lililonse padera, kuti kompyuta isamavundukule za ku Lusaka pofuna za ku Vubwi.

Kugawako kuli ndi kamsampha kake. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma mu 2012, choncho pa kalembera wa 2010 anthu ake anawerengedwa pansi pa Katete, Petauke ndi Chadiza. Wofuna kuyerekeza zaka ziwirizi ayambe wasanjanso zakalezo.