MOTO M'NYUMBA ZOSUNGIRAMO MANKHWALA A MBEU

Acikumbe ambiri akamva za moto amaganiza za lupsa lotentha nkhokwe kapena cigafa ca fodya. Koma ulipo moto wina woipa koposa, umene ubvutitsa ngakhale anthu okhala kutari, ndiwo moto wogwira nyumba yosungiramo mankhwala a mbeu.

Zotere zinaoneka ku Durban, m'dziko la South Africa, kumene abale athu ambiri apita kukafuna nchito. Mu July 2021, pa cipolowe cimene cinabuka atamangidwa a Jacob Zuma, anthu anatentha nyumba yaikuru ya kampani ya UPL pamalo ochedwa Cornubia. M'menemo munali matani zikwi zingapo a mankhwala opha tizirombo ndi opha udzu, monga atrazine ndi paraquat. Motowo unafuka kupitirira sabata, ndipo anthu a ku Blackburn, okhala m'zisakasa pafupi pomwepo, anadandaula za cifuwa, kuwawa kwa maso ndi litsipa.

Tsoka lina linadza ndi madzi ozimira moto. Madziwo anakokolola mankhwala nawatsira mu mtsinje wa Ohlanga, umene unasanduka maonekedwe, ndipo nsomba ndi nkhanu zinafa zosawerengeka. Boma linaletsa kusamba ndi kuwedza m'magombe a kumeneko kwa miyezi ingapo. Mu October caka comweco Boma linalengeza kuti nyumbayo inalibe cilolezo ca a zacilengedwe. Ku Ulaya nakonso, mu November 1986, nyumba ya kampani ya Sandoz pafupi ndi Basel inapsa, madzi ozimira moto nafiiritsa mtsinje wa Rhine ndi kupha nsomba pa mtunda wautari.

Wina adzati, "Izo nza ku Durban, ife zitikhudza bwanji?" Taganizani za Chipata mu October. Ndiyo nyengo imene masitoro ndi madepoti adzaza feteleza ndi mankhwala a thonje, kuyembekeza mvula. Ndiyonso nyengo imene udzu uli gwaa, mphepo iomba, ndipo anyamata atentha thengo kusaka mbewa. Masitoro ena ali pakati pa nyumba za anthu. Mudzi wa Chipata uli m'tsinde mwa mapiri, cotero cimene citayika pansi cimatsika ndi madzi kunka kumadambo, kumene kuli madimba ndi zitsime. Ndi anthu angati amene amwa madzi a m'damu la Lutembwe?

Mankhwala onse sapsa mofanana. Amadzi a m'zigubu ambiri ali ndi mafuta oyaka msanga. Feteleza wa urea akapsa aturutsa mpweya wotsamwitsa. Wa ammonium nitrate ngoopsa koposa, pakuti akatenthedwa ali wambiri pamalo otsekeka akhoza kuphulika. Ndiye anagumula doko la Beirut pa 4 August 2020 ndi kupha anthu oposa 200. Mibulu ija yofukizira cimanga m'mashedi, ya aluminium phosphide, ikakhudza madzi ituritsa mpweya wakupha umene ukhozanso kuyaka wokha. Cotero munthu wothamanga ndi ndowa, ngakhale ali ndi mtima wabwino, akhoza kukulitsa ngozi.

Moto wotere ukabuka musathamangireko kukaonerera, monga ticita kawiri-kawiri. Itanani ozima moto a Kanselo, muwauze mankhwala amene alimo. Cotsani ana, nkhalamba ndi odwala cifuwa, mupite nawo kumene mphepo icokera. Bvundikirani zitsime ndi zakudya, ziweto muzitsekere kutari ndi madzi oyenderera kucokera pamotopo. Nsomba zoyandama musatole, ndiwo za m'dimba zimene zagwidwa ndi mwaye musadye. Zigubu zotsala paphulusa zisatengedwe kukatungira madzi.

Mwini sitoro atenge cilolezo ku bungwe la ZEMA, limene lipenyerera kasungidwe ka mankhwala otere m'Zambia muno. Alambule udzu kuzungulira nyumba, alekanitse feteleza ndi mafuta, akhale ndi mcenga wokwanira, alembenso maina a mankhwala onse pa pepala losungidwa kunja kwa nyumbayo. Mcikumbe wosunga botolo limodzi kapena awiri pakhomo awatsekere m'bokosi la loko, kutari ndi khichini, nkhokwe ndi pogona ana. Wofuna malangizo ena aonane ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'dera lace.