Mbira Zathu: Za Bere ndi Za Mkodzo

Mbira ndi kanyama kochepa, koma kamatithandiza kwambiri kuno ku Angonia. Mlendo akafika mwadzidzidzi, ndiwo zapezeka. Ndowe zake ndi manyowa abwino a kudimba. Sikafuna busa, sikalowa m'munda mwa mnzako.

Kwawo kwa mbira ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi maiko oyandikana nalo. Kachewere amene timalima ku Domwe ndi ku Tsangano anachokeranso komweko. N'chifukwa chake zonse ziwiri zimakonda dziko lozizira ngati lathu lino, pamene ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, mbira imavutika ndi kutentha. Koma chibale chimenechi chisatinamize: masamba a kachewere ndi chiphe kwa mbira.

Tsono ngati dziko lathu likuziyanja, bwanji mbira zazikazi zimatifera ndi bere? Ambiri timangoti ndi tsoka. Ayi anzathu, vuto ndi kawetedwe. Timasiya zonse pamodzi m'khitchini, mphongo ndi zazikazi, ana ndi makolo, osadziwa kuti iyi inabadwa liti.

Mwana wamkazi wa mbira angathe kutenga bere ali ndi mwezi umodzi wokha. Pamenepo thupi lake silinakhwime. Bere la mbira limakhala miyezi iwiri ndi masiku pang'ono, masiku 59 mpaka 72. Ana amabadwa aakulu, ali ndi ubweya ndi mano, maso ali otsekula. Mayi wosakhwima sangawatulutse bwino.

Kuchedwa nakonso n'koopsa, ndipo apa ndi pamene ambiri sitidziwa. Mbira ikayandikira kuswa, mafupa a m'chiuno mwake amatsekuka kuti ana apeze njira. Mukagwira pang'onopang'ono kunsi kwake mudzamva mpata wolowa chala. Koma mbira imene yapitirira miyezi 6 kapena 7 isanaswepo, mafupa aja amayamba kulimba. Ikatenga bere loyamba pa msinkhu umenewo, njira imachepa. Imavutika usiku wonse, m'mawa tipeza yafa pamodzi ndi ana ake m'mimba. Choncho yaikazi ikumane ndi mphongo koyamba ili ndi miyezi 3 mpaka 5. Imene yakalamba isanaswepo ndi ya ndiwo, si ya mbewu. Ife amene taphunzira kulemba, nayi ntchito ya pensulo: tilembe mwezi umene ana abadwa m'kabuku kathu, kapena ndi khala pa chipupa.

Chinanso n'chakuti mbira ikaswa m'mawa, madzulo ake ingathe kutenganso bere. Mayi ali ndi mabere awiri okha, ana atatu kapena anayi akuyamwa, m'mimba muli ena. Angalimbe bwanji? Tichotse mphongo tisanafike tsiku la kuswa. Khola logawa pakati ndi nsungwi likwanira. Ana aamuna tiwapatule akakwana masabata atatu, asanayambe kukwera alongo awo ndi amayi awo. Mphongo tizisinthana m'koperativa mwathu, kuti magazi asakhale a nyumba imodzi.

Mbira ya bere lalikulu isagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Ikaleka kudya masabata otsiriza, makamaka yonenepa kwambiri, imafooka, imagona phee, ndipo imafa pa masiku ochepa. Tisainyamulenyamule, tisaisamutse khola, ana asasewere nayo. Ipatsidwe msipu wauwisi tsiku ndi tsiku. Mbira ili ngati munthu: thupi lake silipanga lokha vitamini C, limampeza m'zamasamba zaziwisi.

Tsopano za mkodzo. Mkodzo wa mbira yabwinobwino umakhala wotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo ukauma umasiya zoyera pansi. Zimenezo zisatiopse. Choopsa ndi magazi mu mkodzo, kulira pokodza, kukodza timadontho, kupinda msana, ndi kunyowa kumbuyo nthawi zonse. Mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo, amene amakonda zazikazi zogona pa malo onyowa ndi auve. Mwina ndi mwala.

Inde, mwala weniweni. Zoyera zija zikachuluka m'chikhodzodzo zimaumbana n'kukhala kamwala. Kwa mphongo n'koopsa koposa, popeza njira yake ya mkodzo ndi yaitali ndi yopapatiza. Kamwala kakatseka, mphongo sikodza konse, ndipo siichedwa kufa. Palibe mankhwala akumwa osungunula mwala umenewu; dokotala wa ziweto yekha angauchotse pochita opareshoni. Kwa ife a kumudzi njira yathu ndi kupewa.

Kupewa kwake ndi madzi. Pali mawu akuti mbira simwa madzi. Si zoona. M'dzinja imapeza madzi ambiri mu msipu, ndiye timaiona ngati yosamwa. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu umakhala wouma, ndipo timaipatsa gaga ndi makoko a chimanga. Nthawi imeneyo mkodzo umachepa ndi kukhuthala. Tiike madzi oyera m'kambale kolemera kosagubuduka, tisinthe tsiku lililonse. Chakudya chachikulu chikhale udzu, monga nsenjere yanthete. Kholowa, chisoso ndi masamba a kabichi a kudimba tionjezerepo. Bonongwe tipatse pang'ono, pakuti ali ndi zambiri zimene zimaumba mwala. Pansi pa khola tizisesa kawirikawiri ndi kuyalapo udzu wouma.

Mbira ikadwala, tisathamangire makapisozi otsala m'nyumba. Penisilini ndi abale ake, ampisilini ndi amokisilini, amachiza anthu koma mbira amaiwononga m'matumbo, imatsekula m'mimba n'kufa. Tiipatule yodwalayo, tiiyalire pouma, tiipatse madzi ndi msipu, kenaka tikafunse mlangizi wa ziweto ku Ulongwe kapena amene ali pafupi nafe. Popita titenge kabuku kaja, pakuti adzafunsa msinkhu wake ndi tsiku limene inaswa komaliza.