Pamene Dotolo wa Mano Akana Kuzula Dzino

Munthu amene sanagonepo ndi dzino lowawa sadziwa kutalika kwa usiku. Tambala akamalira, iye ali kale pa njira ya ku cipatala, dzanja lili pa tsaya, mumtima muli mau amodzi okha: "Lero licoke basi." Tsono taganizani mkwiyo wake pamene, atakhala pa mzere mpaka dzuwa kufika pamutu, amva dotolo wa mano alikunena kuti, "Pepani bambo, lero sindizula." Ambiri amaturuka alikunyoza, ndipo ena amakapereka kamwa lao kwa munthu wosaphunzira nchitoyi. Kodi dotolo wotere ndi waulesi kapena wouma mtima? Kawirikawiri ai. Tiyeni tione zifukwa zake.

Coyamba ndi thupi la wodwalayo. Asanagwire cida ciri conse, dotolo amayesa kuthamanga kwa magazi. Ngati manambala apitirira 180 pamwamba kapena 110 pansi, nchito yozula imayamba yaima, pakuti mantha ndi ululu zingathe kuwakweza koposa, munthu n'kufa ziwalo kapena kudwala mtima ali pa mpando pomwepo. Kwa munthu wa matenda a shuga amene sakusamalidwa bwino, bala la m'kamwa limacedwa kupola ndipo limagwidwa msanga ndi tizirombo. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, angataye magazi ambiri; motero dotolo amafuna kuti magazi ayesedwe coyamba. Koma musasiye kumwa mankhwalawa mwa inu nokha. Nayenso amene wamwa mowa kuti alimbe mtima amabwezedwa, cifukwa woledzera sangabvomereze cithandizo ndi nzeru zake zonse, ndiponso sangasunge malangizo.

Caciwiri, nthawi zina dzino limene wodwala alikuloza liribe mlandu. Pali matenda a mtsempha wa kumaso, ochedwa trigeminal neuralgia, amene ululu wake umabwera mwadzidzidzi ngati mphezi, mbali imodzi ya nkhope, munthu akamatafuna, kulankhula kapena kusamba kumaso. Odwala ena azulitsa mano angapo abwinobwino, ululu uli pomwepo, popeza gwero lake siliri m'dzino. Cimfine cikalowa m'mphako za mafupa a pambali pa mphuno, mano a pamwamba amawawa, pakuti mizu yao ili pafupi ndi mphakozo. Ngakhale matenda a mtima nthawi zina amamvekera m'cibwano. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo limene lazulidwa silimeranso. Dotolo amene akana kuzula dzino lamoyo wakusungirani cuma.

Makolo, cherani khutu apa. Mwana amakhala ndi mano 20 a ubwana, koma akafika zaka 6 kumbuyo kwa manowa kumamera dzino lalikulu lotafunira, popanda lina kuguluka. Ambiri amaliyesa la ubwana, ndipo likabooka amati, "Zulani, lidzamera lina." Silidzamera. Ngati lingathe kumatidwa, dotolo wabwino adzakana kulizula.

Cacitatu ndi mankhwala. Alipo amene amafika atadzilembera kale m'mutu: "Ndipatseni amoxicillin cabe, dzino musaligwire." Makapisozi sacotsa kuola kwa dzino. Amangogonetsa matenda kwa kanthawi, ndipo kuwamwa mosayenera kumalimbitsa tizirombo kotero kuti tsiku la matenda akulu mankhwalawo sagwiranso nchito.

Kukana kwina ndi kutumiza. Ngati kutupa kwatsikira pansi pa cibwano, munthu alephera kumeza, kutsegula pakamwa kapena kupuma bwino, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Dotolo wa pa kiliniki akakuuzani kuti pitani ku cipatala cacikulu, monga University Teaching Hospital ku Lusaka, musapite kunyumba kukayamba mwaganiza. Pitani tsiku lomwelo.

Nanga bwanji za wodwala wobvuta? Anchito a zamano adziwa kuti ukali wa odwala ambiri ndi mantha obisika. N'cifukwa cake dotolo wanzeru amamvetsera coyamba, nafotokoza cimene adzacita, napangana ndi wodwala kuti akakweza dzanja nchito iime. Ambiri amafatsa pamenepo. Koma amene atukwana, kuopseza kapena kugwira dzanja la dotolo pamene jekeseni ili m'kamwa, aika pa ngozi iye mwini ndi omuthandiza. Pamenepo dotolo ali ndi ufulu woimitsa nchito ndi kumuonetsa kwina kumene angathandizidwe. Cimene saloledwa ndi kutaya munthu amene moyo wake uli pa ngozi, kapena kumukana cifukwa ca mtundu wake kapena cifukwa ali ndi kacirombo ka HIV.

Inunso muli ndi ufulu wanu. Akakukanani, funsani mwaulemu: cifukwa n'ciani, ndicite ciani ndi ululu usiku uno, ndibwere liti? Paja safunsa anadya phula. Mungathenso kukafunsa maganizo a dotolo wina. Ngati mwacitiridwa mosayenera, dandaulo limapita kwa akulu a cipatalaco kapena ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limalembetsa ndi kuyang'anira anchito a zaumoyo m'dziko lathu.

Tsono pokaonana ndi dotolo wa mano, tengani mankhwala onse amene mulikumwa pamodzi ndi khadi lanu la ku cipatala. Nenani zoona za matenda anu, ndipo amai oyembekezera anene za pakati pao. Koposa zonse, pitani dzino likangoyamba kunyenyeza pomwa madzi ozizira, lisanakulandeni tulo. Pa nthawi imeneyo kabowo kamakhala kakang'ono, dotolo amamata, ndipo mumabwerera kunyumba ndi dzino lanu.