Magazini achinyengo ndi mtedza wa ku Nsaru

Wofufuza wa ku Chitedze akapeza mbewu ya mtedza yopirira matenda a kadukutu, zimene wapezazo zimayenera kuunikidwa ndi akatswiri anzake zisanasindikizidwe. Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Namitete amadalira kuunikako, ngakhale sanakumvepo.

Magazini achinyengo saunika kalikonse. Amakutumizirani imelo yokutamandani, mumalipira madola, pakangopita masiku ochepa nkhani yatuluka. Mu 2013, John Bohannon anatumiza kafukufuku wabodza, wodzaza zolakwika zoonekeratu, ku magazini 304. Okwana 157 anamuvomera!

Jeffrey Beall, wa ku laibulale ya yunivesite ku Denver, ankasunga mndandanda wa magazini otere, koma unatsekedwa mu 2017. Malaibulale athu asadikire wina. Wofufuza asanalipire, woyang'anira laibulale azimuthandiza kuona ngati magaziniyo ili pa DOAJ kapena pa AJOL, pomwe pali Malawi Medical Journal.

Komabe ine ndikuona kuti muzu wa vutoli uli m'mayunivesite. Akamakweza mphunzitsi pantchito pongowerengera kuchuluka kwa nkhani zake, achinyengowa sadzasowa makasitomala. Komiti yokweza anthu iziwerenga nkhanizo, ndipo yotuluka m'magazini yachinyengo isamaikidwe m'kaundula.